Nkuperekeze si Chisoso

Ndikukumbukira mchenga wa kwathu, kufupi ndi Malindi, mmene unkawotchera mapazi dzuwa likafika paliwombo. Pakati pa mudzi ndi nyanja panali chitunda chachitali cha mchenga, ndipo aliyense wopita kudoko ankayenera kuchikwera n'kutsikira mbali inayo. Njira yolambalala kunalibe. Pachitundapo sipankamera chilichonse chaphindu, ngakhale therere. Pankamera udzu umodzi wokha, udzu wopanda ulemu, umene ife tinkautcha nkuperekeze.

Amene simunakulire kunyanja mundimvetse bwino, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa udzu umenewu. Nkuperekeze sutalika. Umayamba wayala pansi ngati waulesi, tsinde lake lofiirira kumunsi, kenako n'kudzutsa mutu kufika m'katumba mwa mwana. Kumutuko ndi kumene kuli mlandu. Kumakhala timipira tofanana kukula ndi njere ya nandolo, tondondozana, ndipo kampira kalikonse kali ndi minga mbali zonse. Mvula ikamagwa timakhala tobiriwira, tofewako pang'ono. Mvula ikatha, mwera n'kuyamba kuwomba, timauma n'kufanana ndi mchenga womwewo, moti suona kanthu, umangomva kuti tswii! pachidendene. Ukati uchotse ndi chala, kachoka paphazi kakhala pachala. Ife tinkadziwa kuti uyambe wanyowetsa zala ndi malovu. Dzina lija linabwera chifukwa sungachoke kunyanja wekha. Udzuwo umakuperekeza mpaka pakhomo, uli kumpendero kwa chovala, monga amachitira mwininyumba waulemu ndi mlendo wake, kungoti uwu ulemu wake ndi wobaya.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5 tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, chifukwa ana tinachuluka kuposa makalasi. Mphunzitsi wathu anali Madamu Kamwendo, ochokera kumapiri a ku Dedza. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, wovala nsapato zotseka ngakhale kutenthe bwanji. Nyanja ankaiopa. Ankati madzi amene suona tsidya lake si madzi oseweretsa, ndipo chibwerereni sanapondeko kudoko. Nsomba ankachita kutuma. Kuphunzitsa kokha ankatha, zimenezo sindingawanamizire, ndipo chinkawapweteka mtima n'chakuti m'mawa uliwonse ana ena tinkasowa. Khoka likamakokedwa, mwana aliyense wogwirako chingwe ankapatsidwa tinsomba ta kambuzi todzaza manja awiri. Ndiye tauzani, masamu a magawo ndi kambuzi wowotcha, mwana wa zaka khumi ndi chimodzi angasankhe chiyani?

Wina anawatsina khutu Madamu kuti mwana wochokera kudoko sabisika, ingoyang'anani kumpendero kwa yunifolomu, mupeza zomata. Basi lamulo linakhazikika. Wochedwa aliyense ankaima pamzere, Madamu n'kumadutsa ndi mkwapulo akuyang'ana m'miyendo. Koyamba, kukumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno. Kachiwiri, dzenje, ndiponso ukaitane kholo. Kachitatu chimodzimodzi, kungoti kumeneko kunkakhala kukambirana ngati sukulu ukuifunadi.

Ine ndinagwidwa kawiri, ndipo kawiri konseko ndinalidi kudoko. Sindikana. Maenje awiri ndinakumba, mwina alipobe. Ulendo wachiwiriwo Baba anasiya ukonde umene ankasoka n'kupita kusukulu, ndipo anabwerako nkhope ili gwa. Baba sanali munthu wokalipa. Ankalankhula kamodzi, motsitsa, ndipo zikatero zatha.

"Edina, ndikadzaitanidwanso kusukulu kuja, kaya ndi chifukwa chanji, ukwera lole ya ku Makanjira."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Azakhali anga, alongo awo a Baba, anali atabereka mapasa ku Makanjira, ndipo uthenga unkabwera mwezi ndi mwezi wopempha mtsikana wokawathandiza kulera. Ankati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mawu okoma ndithu, koma msuweni wanga amene anapitako poyamba sanaonenso choko. Ine sukulu ndinkaithawa, ee, koma ndinkaifuna. Ndani sanachitepo zotero? Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka zakudoko m'mawa. Anzanga ankandiitana, fungo la nsomba linkandipeza pakhomo pomwe, ine n'kumangomeza malovu. Milungu isanu yathunthu ndinali mwana wabwino mpaka ndinkadzidabwa.

Ndiye linafika Lachitatu lija. Baba anali atalawirira kunyanja. Amama anali ndi khanda la milungu iwiri, ndipo anandituma kukamangirira mbuzi kumtunda ndisanapite kusukulu. Tinali ndi mbuzi ina yakuda, ya nyanga imodzi, satana weniweni. Ndikumanga inzake, iyo inasolola chingwe n'kulowa m'tsala la eni ake, lodzaza chisoso chouma. Ndinaithamangitsa, kugwa, kudzuka, kuitukwana mawu amene mwana wa Sande sukulu sayenera kudziwa. Pomwe ndinkaigwira, belu linali litalira kalekale. Ndinathamanga mtunda wonsewo, yunifolomu itanyowa ndi mame, kumpendero kuli bii ndi chisoso.

Pamzere wa ochedwa tinalipo anayi. Atatuwo anali ochokeradi kudoko, mchenga uli mbuu m'miyendo. Madamu anawadutsa mmodzimmodzi, "Dzenje. Dzenje. Dzenje." Atafika pa ine anaima. Anakweza mpendero wanga ndi nsonga ya mkwapulo, n'kupukusa mutu.

"Iwenso? Kachitatu. Katenge khasu, ndipo mawa ubwere ndi bambo ako."

"Madamu, sindinapite kudoko. Ichi ndi chisoso."

"Ukufuna undiphunzitse chisoso ine? Ndakula ndikudya chisoso. Nanga kunyanja kwanuko sichimera? Zomata ndi zomata. Gwada."

Abale, zomata ndi zomata! Mawu amenewo mpaka lero akandibwerera magazi amathamanga. Chisoso si udzu n'komwe. Chili ndi masamba, anthu amathyola n'kuphika. Njere zake ndi zakuda, zowonda ngati tizitsotso ta machesi, ndipo zimangokakamira nsalu, sizibaya munthu. Chimafuna dothi, pamchenga wowotcha uja sichingakhale ngakhale tsiku limodzi. Mwana aliyense pansi pa mango paja ankadziwa zimenezi. Ndinayang'ana anzanga kuti wina anene. Onse maso pansi, ena akujambula ndi chala chakuphazi. Sindiwaimba mlandu, mkwapulo uja unali wa bwemba.

Sindinagwade. Sikuti ndinali wolimba mtima, mantha ndinali nawo ndithu. Koma ndinaona lole ija m'maso mwanga, ine nditakhala pamwamba pa matumba, fumbi lili kobo, ndikupita kukachapa matewera chifukwa cha mbuzi ya nyanga imodzi. Ndikanakhala kuti ndapitadi kudoko, bwenzi nditangolira n'kuvomera. Koma milungu isanu ndikumeza malovu, ndiye ndichotsedwe sukulu chifukwa munthu wamkulu sakufuna kuwerama n'kuyang'ana bwino? Ndinapsa mtima. Ndinapsa mtima kuposa mmene ndinkaopera.

"Ndati gwada."

"Ngwamba."

Liwu loti ayi linatuluka m'Chiyao, chinenero chimene kwathu tinkakanira zinthu zenizeni. Madamu Chiyao sankamva, koma limenelo analimva. Ine ndinaika makope anga pamuzu wa mango, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyenda. Ndinamva akuitana dzina langa kawiri. Sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka ndikanabwerera.

Kuitana Amama kuti adzandichitire umboni sikukanathandiza. Mayi aliyense amaikira kumbuyo mwana wake, ndipo mawu a Baba anali akuti kaya ndi chifukwa chanji. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinadutsa m'mudzi dzuwa likukwera, amayi osinja akundiyang'ana, wina n'kufunsa ngati sukulu yaweruka kale. Ndinalunjika kuchitunda kuja.

Masiku onse tinkadutsa pamenepo mochenjera, kuponda pomwe waponda mnzako, chovala titakwinyira m'mwamba. Tsiku limenelo ndinalowa pakati penipeni pa udzuwo, dala, yunifolomu nditaisiya kuti ikweche. Ndinamva minga ikulowa m'mapazi, m'akakolo, m'katumba. Misozi inatuluka yokha. Kenako ndinagwada, poti apa pokha ndinagwada, n'kugwira phata lalikulu ndi manja awiri kuti ndizule. Mayo ine! Udzu umenewu mizu yake imagwira mchenga ngati wauzidwa kuti ukubwera. Ndinakoka, unakana. Ndinafukula m'mbali ndi zala, n'kukokanso, timipira tija tikuphwanyikira m'manja. Utazuka ndinagwa chagada. Kumunsi kudoko anthu anali akugawana nsomba, ndipo mayi wina anakuwa kuti, "Mwana wa a Saizi wapenga kodi?" A Saizi ndiwo Baba. Ndinadziwa kuti nkhani ifika kunyumba ine ndisanafike, koma zinali zitachitika kale.

Pobwerera ndinadzera kuseri kwa tchalitchi n'kuzulanso chisoso chimodzi, chamaluwa ndi njere zomwe. Ndinafika pansi pa mango ana akuwerenga mokuwa. Atandiona mawu anazima mmodzimmodzi. Ndinapita patebulo la Madamu n'kuika nkuperekeze kumanja, mchenga ukuyoyoka kumizu, chisoso kumanzere. Kenako ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti andione bwino. Yunifolomu yonse kumunsi inali italemera ndi timipira, tina tobiriwira, tina touma, miyendo ili ndi timadontho ta magazi.

"Madamu, wochokera kudoko amaoneka chonchi."

Anayang'ana ine, anayang'ana patebulo. Kenako anatambasula dzanja n'kutsina kampira kamodzi ndi zala ziwiri, monga mmene munthu amachotsera chisoso pa siketi. Anadumpha. Anakutumula dzanja, kampira kali pomwepo. Anati achotse ndi dzanja linalo, kanasamukira komweko. Panalibe woseka, koma ndinkamva kuseka kukufufuma m'mimba mwa kalasi yonse. Asiyatu, mnzanga amene tinkakhala limodzi, ananong'ona kuti, "Malovu, Madamu." Madamu Kamwendo, mayi wa nsapato zotseka, ananyambita zala pamaso pa ana onse, ndipo kampira kanachoka.

Anayang'ana chala chawo. Kenako anafunsa dzina la udzuwo, ndinawauza. Anafunsa ngati pachitundapo pamamera china, kalasi yonse inayankha pamodzi kuti ayi. Ine mumtima ndinati basi, ndapambana. Ndinali mwana, sindinkawadziwa akuluakulu.

"Chabwino. M'mawa sunapite kudoko, ndaona. Nanga pano ukuchokera kuti?"

Ndinayang'ana mchenga umene unayoyokera patebulo.

"Nthawi ya sukulu, wopanda chilolezo, ine ndikukuitana. Ukuchokera kuti, Edina?"

"Kudoko."

"Ndiye kachitatu kakwana. Khasu lili uko. Mawa bambo ako."

Ndinamva ngati nthaka yatsetsereka. Ndinadzitchera ndekha msampha, n'kulowamo ndi miyendo yonse iwiri. Koma mkwiyo uja unali usanathe, ndipo ndi umene unandiyankhulira. Ndinati, "Dzenje la panoli ndikumba. La m'mawa lija sindikumba." Dzenje linali limodzi lomwelo, kuya kwake komweko, khasu lomwelo. Aliyense akanati palibe kusiyana. Kwa ine kusiyana kunalipo, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense wamva. Ndinakumba mpaka dzuwa kupendeka, mpini ukukanikiza minga yothyokera m'manja. Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira kuseri kwa chimbudzi.

Madzulo Baba sanandifunse kanthu. Anali atamva kale kudoko. Ndinangowauza kuti akufunidwa kusukulu, iwo anati, "Ndamva." Amama anayamba kufotokoza za mbuzi, Baba anakweza dzanja, nkhani inathera pomwepo. Ndinaona Amama akuchapa madiresi anga awiri ndi chitenje, ngakhale silinali tsiku lochapa, ndipo ndinadziwa kuti akundikonzera katundu.

M'mawa mwake tinayenda, Baba patsogolo, ine m'mbuyo. Madamu anatilandirira m'kaofesi kakang'ono konunkha choko ndi mileme. Udzu uja unali pawindo, sanautaye. Ndiyenera kunena chilungamo pano, chifukwa mayi uja ndinamuda zaka zambiri ndipo mwina ndinapitirira muyeso. Anafotokoza zonse mmene zinayendera, osadzikometsera. Anati m'mawa anandinamizira, anasokoneza chisoso ndi udzu wakunyanja. Anati mwanayu mutu uli bwino, sukulu aipitirize. Koma anatinso ndinawanyoza pamaso pa ana, ndipo asanandilole kukhalanso pansi pa mango ndipepese.

Baba anatembenukira kwa ine. "Kudoko unapita?"

"M'mawa ayi. Masana ee."

"Wamva zimene anena aphunzitsi. Pepesa."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkadziwa kuti liwu limodzi lokha likhoza kunditsitsa m'lole. Ndipepese chiyani? Dzenje ndinakumba, mlandu wamasana ndinalipira ndi manja angawa. Wondinamizira uja wavomera kuti analakwa, koma pepani wake sindinamumve. Ndiye ayambe ndi ine? Mapeto ake Madamu anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "A Saizi, mutengeni. Mukaganize kunyumba."

Tinatuluka. Baba sanalowere njira ya kunyumba, analowera ya kumsewu, kumene malole ankaima. Ndinkawatsatira ndikuwerenga mapazi awo, ndikudzitukwana kuti Edina, pakamwa pako pakupha. Titafika pa mtengo wa bwemba wa pamphambano anakhala pamuzu n'kundiuza kuti ndikhale. Kenako anati, "Bweretsa manja."

Ndinawatambasulira. Anali atatupa, timadontho takuda tili ponseponse, tina titayamba mafinya. Baba anawayang'ana nthawi yaitali. Anamasula kaphini kamene kankagwira thumba la malaya awo, n'kukapukuta, n'kuyamba kuchotsa minga umodziumodzi. Zala zawo zinali zokhakhala ngati chingwe cha khoka, koma munthu wosoka maukonde dzanja lake ndi lofatsa. Ndikati ndikoke dzanja, ankangoligwira mwamphamvu pang'ono. Lole ya ku Makanjira inabwera, inaima, anthu anakwera, wothandiza dalaivala anakuwa kufunsa ngati tikupita. Baba sanadzutse mutu n'komwe. Lole inanyamuka, fumbi linatikuta, iwo ali pa chala changa chachitatu.

Atamaliza anabweza kaphini pamalaya n'kuimirira.

"Mlongo wanga ali kale ndi ana awiri omulirira. Ndimuwonjezere iwe? Angandidandaule mpaka kumanda. Bwerera kusukulu."

Ndinabwerera tsiku lomwelo. Ndinakakhala pamalo panga pambali pa Asiyatu, ndikudikira kuthamangitsidwa. Madamu anandiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kulemba pabolodi. Za kupepesa sanazitchulenso. Lamulo loyang'ana kumpendero silinathe, kungoti kuyambira pamenepo ankawerama. Ndinamaliza Sitandade 8 pasukulu yomweyo, ndinapita kusekondale, ndipo ku Makanjira ndinakafikako ndili wamkulu kale, kukaona mapasa aja akukwatira.

Pano ndimakhala m'tauni ya Mangochi, ndipo kwathu ndikapita ndimasochera. Chitunda chija anachitchinga ndi mpanda wa njerwa, mkati muli malo ogona alendo, mchenga wake amausesa m'mawa uliwonse kuti alendo ayende opanda nsapato. Nkuperekeze anaupala wonse. Madzi atakwera zaka zapitazi anadya mchengawo mpaka mpanda unang'aluka, ndipo akuluakulu a m'mudzi amati udzu uja ndiwo unkaugwira. Ine, amene ndinauzulapo ndi manja, sindikutsutsa. Ana a masiku ano amavala nsapato zapulasitiki, khoka lokoka m'mawa lasowa, ndipo mphunzitsi akakumbitsa mwana dzenje makolo amafika ndi foni m'manja. Ena amati zinthu zaipa, ena amati zakoma. Ine sindilira maenje, ndinakumba okwanira.

Chimene ndimaona kuti chasintha kwambiri ndi pepani. Masiku ano watchipa. Wokuponda m'minibasi, wokunamiza pamsika, wokudyera ndiwo zako, onse pepani ali pamlomo, mawa n'kubwerezanso. Nthawi yathu munthu wamkulu sankapepesa mwana. Madamu Kamwendo anapuma ntchito n'kubwerera kwawo osandiuza liwu limenelo. Baba anamwalira osanena kuti anatsala pang'ono kunditaya chifukwa cha mbuzi. Mmodzi anaphunzira kuwerama, winayo anasiya lole ipite. Ndinawakhululukira onse awiri, ndipo Baba ndimawasowa kwambiri moti ndikamalemba izi maso akundiwawa. Amuna anga amati ndine wamakani, ana anga amati ndine wovuta, ndipo sindiwatsutsa. Ndikalakwa ndimavomera, chilango ndimalandira. Koma za Lachitatu lija, aliyense amene akudikira adikirebe. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.